Mathurin Guillemé

Mathurin Guillemé (3 Julayi 1859 – 7 Epulo 1942) adali wansembe ndi episkopi wa Mpingo wa Katolika wochokera m'dziko la France. Adali wa chipani cha Amishonale a mu Africa, chomwe anthu ambiri amachidziwa ndi dzina loti White Fathers. Adagwira ntchito mu Africa kwa zaka zoposa 50, poyamba m'mbali mwa Nyanja ya Tanganyika, kenaka kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Zambia, ndipo pomaliza ku Nyasaland, komwe ndi Malawi wa lero. Kuyambira mu 1911 mpaka mu 1934 adali episkopi woyang'anira Vikariyeti ya Nyasa.

Ambuye Guillemé amakumbukiridwa pa zinthu zitatu: kuombola ana ogwidwa ukapolo ku Tanganyika, kutsegula mishoni zoyamba za Katolika m'chigawo chapakati cha Malawi, ndi kuyambitsa chipani cha Asisiteri a Tereza Woyera mu 1929. Mu nthawi ya uepiskopi wawo Mpingo wa Katolika udafalikira pa chidikha cha Lilongwe ndi Kasungu, m'zaka zomwezo zomwe ulimi wa fodya udayamba kusintha moyo wa m'midzi ya Achewa. Mishoni ya Guilleme m'boma la Mchinji idatchedwa dzina lawo.

Ubwana ndi maphunziro

A Guillemé adabadwira ku Sainte-Marie, mudzi womwe uli pafupi ndi tauni ya Redon m'chigawo cha Bretagne, kumadzulo kwa France. Chigawochi chidali cha alimi okonda kupemphera, ndipo m'zaka za m'ma 1800 chidatulutsa ansembe ndi asisiteri ambiri omwe adapita kukalalika kumaiko akutali. Iwo adayamba maphunziro a unsembe mu dayosizi ya kwawo ya Rennes, koma asadadzozedwe adasankha kulowa chipani cha White Fathers.

Chipanichi chidali chidakali chatsopano. Adachiyambitsa mu 1868 ndi Charles Lavigerie, Arkiepiskopi wa mzinda wa Algiers kumpoto kwa Africa, yemwe pambuyo pake adakhala Kadinala. Dzina loti White Fathers lidachokera ku mkanjo woyera womwe ansembewo ankavala potsanzira kavalidwe ka Aluya a ku Algeria, ndipo m'khosi ankavala kolona. Lavigerie adawapatsa malamulo okhwima: aziphunzira chiyankhulo cha anthu omwe akuwatumikira, azidya chakudya chawo, asamakhale ochepera atatu pa mishoni imodzi, ndipo asamafulumire kubatiza munthu wamkulu asadaphunzire mokwanira. Gulu loyamba la amishonalewa lidanyamuka kupita ku nyanja zikuluzikulu za pakati pa Africa mu 1878.

A Guillemé adadzozedwa unsembe pa 22 Seputembala 1883 ali ndi zaka 24. Posakhalitsa adatumizidwa ku chilumba cha Zanzibar, komwe kunkayambira maulendo onse opita kumtunda. Kuchokera kumeneko adayenda ulendo wapansi wa miyezi ingapo mpaka kukafika ku Nyanja ya Tanganyika.

Ku Nyanja ya Tanganyika

Bambo Guillemé adatumikira pa mishoni za Kibanga ndi Mpala, kugombe la kumadzulo kwa nyanjayi, dera lomwe lero lili m'dziko la Democratic Republic of Congo. Nthawi imeneyo malonda a akapolo ndi minyanga ya njovu adali pachimake. Amalonda a Chiswahili ndi Aluya adali ndi likulu lawo ku Ujiji, tsidya la kum'mawa, ndipo ankhondo a atsogoleri monga Tippu Tip ndi Rumaliza ankawotcha midzi ndi kugwira anthu. Ana ofooka ndi odwala, omwe sakadatha kufika kunyanja yamchere, ankagulitsidwa motchipa kapena kungosiyidwa panjira.

Amishonale ankaombola ana oterewa pogwiritsa ntchito nsalu, mikanda ndi ndalama zomwe Akatolika a ku Ulaya ankasonkha. Bambo Guillemé adaombola ana ambiri mwa njira imeneyi. Anawo ankaleredwa pa mishoni, kuphunzitsidwa kulima, ntchito zamanja ndi katekisimu, ndipo akakula ankakwatirana n'kumanga midzi ya Akhristu kuzungulira tchalitchi. Ku Mpala chitetezo cha midziyi chidali m'manja mwa Léopold Joubert, Mfalansa yemwe kale adali msilikali wa Papa, ndipo adafika kumeneko mu 1887.

Makalata a amishonale a ku Tanganyika ankasindikizidwa ku Ulaya, ndipo adathandiza kudzutsa anthu pa nkhani ya ukapolo. Mu 1888 Papa Leo XIII adalemba kalata yotchedwa In Plurimis yodzudzula ukapolo, ndipo chaka chomwecho Kadinala Lavigerie adayenda m'mizinda ya Paris, London ndi Brussels kulalika zoti malondawa athetsedwe. Msonkhano wa maiko womwe udachitikira ku Brussels mu 1889 ndi 1890 udagwirizana zoletsa malonda a akapolo mu Africa, ngakhale maiko omwewo adagwiritsanso ntchito nkhaniyi ngati chifukwa cholandira madera ambiri.

Njira yoombola akapolo idapulumutsa miyoyo, koma idali ndi zofooka zake. Kulipira wogulitsa kudali kumupatsanso phindu. Komanso midzi ya oomboledwa idali ya anthu opanda abale ndi mafumu awoawo, odalira mishoni pa chilichonse, kotero kuti chikhristu chawo sichinkalowerera msanga m'midzi yozungulira. Atafika ku Nyasaland, a White Fathers sadayambenso ndi midzi ya oomboledwa. Adatsata njira ya sukulu za m'midzi ndi aphunzitsi ochokera mwa eni dera.

Kutsogolera Vikariyeti ya Nyasa

A White Fathers adayesapo kukhazikika ku Malawi kale. Kumapeto kwa 1889 adafika kwa mfumu ya Chiyao, Mponda, kumwera kwa Nyanja ya Malawi, koma adapeza mkangano wa Angelezi ndi Apwitikizi wolimbirana dera, matenda ndiponso Chisilamu chomwe chidali chitazika kale mizu. Mu 1891 adachoka osabatiza munthu wamkulu wa m'deralo, nalowera kumpoto mpaka kwa Amambwe, pakati pa Nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Kuchokera kumeneko adalowa m'dziko la Abemba motsogozedwa ndi Joseph Dupont, yemwe anthu adamupatsa dzina loti Motomoto.

Mu 1897 likulu la Mpingo ku Roma lidakhazikitsa Vikariyeti ya Nyasa ndipo Dupont adakhala episkopi wake woyamba. Vikariyeti ndi dera la Mpingo lomwe silidafike pokhala dayosizi, ndipo episkopi wake amalamulira m'dzina la Papa. Dera la Nyasa lidali lalikulu zedi: Malawi yense wa lero pamodzi ndi kumpoto ndi kum'mawa kwa Zambia. Komabe mishoni zake zonse zidali kumpoto, kwa Amambwe ndi Abemba.

Mu 1899 Ambuye Dupont adabwerera ku Ulaya chifukwa cha matenda, ndipo Bambo Guillemé ndiwo adagwirizira udindo woyendetsa vikariyeti mpaka mu 1904. M'zaka zisanu zimenezi adatembenuzira maso kumwera. Zinthu ku Nyasaland zidali zitasintha. Boma la Angelezi lidali litagonjetsa amalonda a akapolo: Mlozi adaphedwa ku Karonga mu Disembala 1895, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho asilikali a boma adagonjetsa Mwase wa ku Kasungu. Angoni a Mpezeni adagonja mu 1898. Mipingo ina idali itayamba kale ntchito. A Dutch Reformed ochokera ku South Africa adatsegula Mvera mu 1889, Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu zawo zinkachuluka chaka ndi chaka. Ansembe a Katolika a chipani cha Montfort nawo adafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901.

Bambo Guillemé adaona kuti akachedwa, a White Fathers sadzapeza malo pakati pa Achewa ndi Angoni. Mu 1902 adatsegula mishoni ya Chiwamba, kum'mawa kwa malo omwe lero pali mzinda wa Lilongwe, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho adatsegula Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza. Mu 1903 mishoni ya Chiwamba idasamukira ku Likuni, ndipo idatsegulidwanso ina ku Kachebere, m'malire a Malawi ndi Zambia. Nguludi, m'boma la Chiradzulu, idayambanso nthawi yomweyo, koma idaperekedwa kwa ansembe a Montfort pamene chigawo cha kumwera chidapatulidwa kukhala dera lawo la Shire. Mu 1904 adatsegula Kambwiri m'chigwa cha Luangwa. Pambuyo pake padabwera Mtakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910.

Mua, Likuni ndi Kachebere zidayalidwa ngati mafuwa atatu, ina kunyanja, ina pakati pa chidikha, ina kumalire a kumadzulo. Pafupifupi maparishi onse akale a Katolika m'chigawo chapakati adabadwa kuchokera ku mishoni zitatuzi.

Uepiskopi

Ambuye Dupont adatula pansi udindo mu 1911. Pa 24 Febuluwale chaka chomwecho Papa Pius X adasankha Bambo Guillemé kuti alowe m'malo mwawo. Adadzozedwa uepiskopi pa 18 Juni 1911 ku Baudouinville, pafupi ndi Nyanja ya Tanganyika, m'dera lomwe adayambira ntchito ali wansembe wachinyamata. Wowadzoza adali Ambuye Auguste-Léopold Huys.

Mu Januwale 1913 vikariyeti idagawidwa pawiri. Dera la Abemba lidakhala Vikariyeti ya Bangweulu pansi pa Ambuye Étienne Larue, ndipo Ambuye Guillemé adatsala ndi chigawo chapakati ndi chakumpoto cha Nyasaland pamodzi ndi dera la Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Likulu lawo lidali ku Bembeke, malo ozizira a m'mapiri a Dedza.

Chaka chotsatira Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idabuka. Thandizo la ndalama ndi ansembe atsopano ochokera ku Ulaya zidachepa kwambiri, ansembe ena adaitanidwa kukatumikira kunkhondo, ndipo amuna zikwizikwi a m'midzi adatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ntchito yomwe anthu ankaitchula kuti mtengatenga. Nkhondo itangotha, mliri wa chimfine wa mu 1918 ndi 1919 udapha anthu ambiri. Chifukwa cha izi, kwa zaka zoposa khumi ntchito yaikulu idali yolimbitsa mishoni zomwe zidalipo kale. Kutsegula zatsopano kudayambiranso m'zaka za m'ma 1920.

Ukatekumeni, akatekisiti ndi sukulu

Potsata lamulo la Lavigerie, munthu wamkulu wofuna ubatizo ankaphunzira zaka zinayi. Pa gawo loyamba ankalandira mendulo, pa gawo lotsatira mtanda, ndipo asadabatizidwe ankakhala masabata angapo pa mishoni kuphunzira ndi kuyesedwa mayeso. Mwamuna wamitala ankayenera kutsala ndi mkazi mmodzi. Njira imeneyi idachititsa kuti chiwerengero cha obatizidwa chizikwera pang'onopang'ono, koma cholinga chidali choti wobatizidwa asadzabwerere m'mbuyo.

Ansembe adali ochepa, choncho ntchito ya tsiku ndi tsiku idali m'manja mwa akatekisiti. Iwowa ankakhala m'midzi, kuphunzitsa ana kuwerenga ndi mapemphero, kutsogolera mapemphero a Lamulungu, kubatiza odwala omwe ali pafupi kumwalira, ndi kukambirana ndi anyakwawa kuti alole sukulu m'mudzi mwawo. Wansembe ankayendera malo amenewa wapansi kapena pa njinga, kumva kulapa ndi kuchita Misa. Akatolika ambiri oyamba a pa chidikhachi adamva chikhristu kuchokera pakamwa pa Mchewa kapena Mngoni mnzawo.

Sukulu zoyambazi zidali nyumba zamaudzu zophunzitsira makamaka katekisimu, ndipo pa maphunziro a kuwerenga ndi kulemba zidali m'mbuyo poyerekeza ndi za Livingstonia ndi Blantyre. Zinthu zidasintha boma litakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926 ndi kuyamba kuthandiza sukulu zokhazo zokhala ndi aphunzitsi ophunzitsidwa bwino. Mu 1928 nthumwi ya Papa, Arthur Hinsley, idayendera mishoni za m'maiko olamulidwa ndi Angelezi ndi kulamula kuti sukulu ziikidwe patsogolo, ngakhale ntchito yomanga matchalitchi ichedwe. Kuyambira apo vikariyeti idalimbikira kusula aphunzitsi. Ntchito yachipatala nayo idakula, makamaka atafika asisiteri a chipani cha White Sisters, ndipo ku Mua kudakhazikitsidwa malo osamalira odwala khate.

Mkangano ndi Nyau komanso mipingo ina

Vuto lalikulu lomwe Mpingo udakumana nalo pakati pa Achewa lidali Nyau. Mnyamata wa Chichewa ankasanduka mwamuna polowa kudambwe, ndipo gule ankafunika pa maliro, pa ziliza ndi pa chinamwali cha atsikana. Mwini mzinda adali ndi ulemu ndi mphamvu chifukwa cha gule. Amishonale, a Katolika ndi a Dutch omwe, adaona Nyau ngati chikunja chotsutsana ndi chikhristu, ndipo adaletsa Akhristu ndi akatekumeni kulowa kapena kuonerera. Akuluakulu a m'midzi nawo adaona kuti sukulu ikuwalanda ana, motero adayamba kulowetsa anyamata kudambwe adakali aang'ono kuti asapite kusukulu.

Mkanganowu udakula m'zaka za m'ma 1920, makamaka kuzungulira Mua ndi m'midzi ya ku Lilongwe ndi Dedza. Panali kulandana zilombo, kumenyana ndi milandu yofika kwa bwanamkubwa wa boma. Amishonale adapempha boma kuti liletse gule, koma atsamunda, poopa kukwiyitsa mafumu omwe ankawatolerera msonkho, sadavomere kumuletsa kotheratu. A Nyau adayankha m'njira yawoyawo posema zilombo zokhala ndi maina a m'tchalitchi monga Maliya, Yosefe ndi Simoni. Nkhani imeneyi idafotokozedwa mwatsatanetsatane ndi wolemba mbiri Ian Linden m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika, alimi ndi kukana kwa Achewa ku Nyasaland.

Padalinso mpikisano ndi a Dutch Reformed. Mipingo ya Chipulotesitanti idagawana madera kuti isamalimbirane midzi, koma Akatolika sadalowe nawo m'pangano lotere, poti ankakhulupirira kuti ali ndi udindo wolalika paliponse. Zotsatira zake zidali kuthamangitsana pomanga sukulu, ndipo nthawi zina midzi yoyandikana inkadana chifukwa wina walandira mphunzitsi wa Aroma pamene wina walandira wa Adatchi. Ku Kasungu, mishoni ya Livingstonia idali itakhazikika kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo cha m'ma 1923 idapereka ntchito yake kwa a Dutch Reformed. Akatolika adalowa m'bomali mochedwa, atapeza anzawo ali ndi sukulu, chipatala ndi akulu ampingo kale.

Mpingo pa chidikha cha fodya

Kuyambira mu 1920 mlimi wachizungu A. F. Barron adayamba kulimbikitsa fodya wa chikopa kuchokera pa esiteti yake ya Mbabzi, kumadzulo kwa Lilongwe. Ankagawa mbewu ndi malangizo kwa alimi a m'midzi, iwo n'kumamugulitsa fodya wawo. M'zaka zochepa alimi zikwizikwi a ku Lilongwe ndi Dowa adayamba ulimiwu, ndipo udafalikira chakumpoto ndi kumadzulo kwa chidikha. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilemba alimi m'kaundula, kudula msonkho pa fodya wawo ndi kusankha malo ochitira misika.

Fodya adabweretsa ndalama m'midzi, njinga, nsalu, misewu ndi masitolo, ndipo adapatsa amuna ena njira yolipirira msonkho osachoka pakhomo. Koma mtengo udali m'manja mwa ogula ndi boma. Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, mitengo idatsika kwambiri, misika ina idatsekedwa ndipo alimi ambiri adataya mtima. M'madera omwe fodya sadafike msanga, monga mbali zambiri za Kasungu, amuna ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena sadabwererenso ndipo adatchedwa machona.

Ambuye Guillemé adatsegula mishoni zatsopano motsata kumene anthu ankachulukira. Kasina, m'boma la Dedza, idayamba m'zaka za m'ma 1920, Nambuma idatsegulidwa mu 1928 pakati penipeni pa alimi a fodya, ndipo Chiphaso idatsegulidwa mu 1930 kukhala mishoni yoyamba ya Katolika m'boma la Kasungu. Kuchokera ku Chiphaso ansembe ndi akatekisiti ankayenda mitunda italiitali kufikira midzi yotalikirana ya m'dera la Mwase ndi mafumu ena.

Mavuto omwe ansembe ankakumana nawo pa chidikhachi adali osiyana ndi a ku Tanganyika. Kudalibenso unyolo ndi goli, koma kudali mabanja osiyidwa, amayi olera ana okha, ndi alimi ogulitsa thukuta lawo pa mtengo womwe sadauvomereze. Lamulo la Mpingo loti ukwati sutha lidali lolemera kwa mkazi yemwe mwamuna wake adachona, makamaka m'chikhalidwe cha chikamwini momwe abale a mkazi akadamulola kukwatiwanso. Nyengo yokolola ndi kufuka fodya inkachotsanso ana kusukulu ndi akuluakulu ku kalasi ya ubatizo.

Chiphunzitso cha Mpingo pa za antchito chidalipo kale. Papa Leo XIII adalemba Rerum Novarum mu 1891, ndipo Papa Pius XI adalemba Quadragesimo Anno mu 1931. Makalata onse awiri amanena kuti wantchito ayenera kulandira malipiro okwanira kusamalira banja lake, ndiponso kuti boma liyenera kuteteza ofooka. Koma mishoni za nthawi ya Ambuye Guillemé zidaika mtima pa masakramenti, sukulu, chipatala ndi kuteteza ukwati, ndipo zidasamala kusunga ubale wabwino ndi boma la atsamunda. Olemba mbiri amaona kuti amishonale a Katolika a m'badwo umenewo ankalimbikitsa kumvera olamulira, ndipo sadali patsogolo podzudzula msonkho, thangata kapena kayendetsedwe ka misika.

Ansembe ndi asisiteri a m'dziko muno

Lavigerie ankaphunzitsa kuti ntchito yokhalitsa mu Africa idzagwiridwa ndi eni ake a mu Africa, ndipo amishonale ndi ongoyambitsa chabe. Papa Benedict XV adatsindika mfundo yomweyo m'kalata ya Maximum Illud mu 1919, ndipo mu 1926 Papa Pius XI, m'kalata ya Rerum Ecclesiae, adapempha maepiskopi a m'maiko a mishoni kuti asule ansembe ndi kuyambitsa zipani za anthu a komweko.

Seminale yaing'ono idayamba ku Mua mu 1912, chaka chimodzi Ambuye Guillemé atadzozedwa, ndipo pambuyo pake idasamukira ku Kasina. Maphunziro adali aatali ndi ovuta, a m'Chilatini, ndipo anyamata ambiri ankasiyira panjira. Makolo enanso sankafuna kuti mwana wawo akhale wosakwatira ndi kufa wopanda mbewu. Omaliza bwino ankatumizidwa ku seminale yaikulu ya Kipalapala, pafupi ndi Tabora ku Tanganyika. Mmodzi mwa iwo adali Cornelius Chitsulo wa ku Mua, yemwe adabadwa mu 1909. Iye adadzozedwa mu 1937 kukhala wansembe woyamba wa Katolika wa Chimalawi, Ambuye Guillemé atapuma kale pa udindo koma adakali moyo. Patatha zaka 20, mu 1957, Chitsulo adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wa Chimalawi ndipo adatsogolera Mpingo ku Dedza mpaka imfa yake mu 1984.

Mu 1929 Ambuye Guillemé adayambitsa chipani cha asisiteri a m'dziko muno ndi kuchiika m'manja mwa Tereza Woyera wa Mwana Yesu, sisiteri wa ku Lisieux m'dziko la France yemwe adalengezedwa kukhala woyera mu 1925 ndi kukhala nkhoswe ya mishoni mu 1927. Atsikana oyamba adaphunzitsidwa ndi a White Sisters. Pakati pa Achewa, pomwe mtundu umayendera kwa mkazi ndipo mbumba ndiyo chuma cha banja, mtsikana wosankha usisiteri ankakumana ndi chitsutso chachikulu kwa amalume ndi amayi ake. Chipanichi chimafotokoza cholinga chake kuti ndi kumasula anthu ku ukapolo wa mtundu uliwonse, mfundo yomwe imachokera ku zomwe woyambitsa wake adaona ku Kibanga ndi Mpala. Lero asisiteriwa amatumikira m'sukulu, m'zipatala ndi m'maparishi ku Malawi ndi Zambia.

Kupuma ndi imfa

Ambuye Guillemé adatula pansi udindo mu Juni 1934 ali pafupi kukwanitsa zaka 75. Wolowa m'malo mwawo adali Ambuye Oscar Julien wa ku Canada. Iwo sadabwerere ku France, koma adatsala ku Nyasaland. Mu 1935 mishoni yatsopano m'boma la Fort Manning, lomwe lero ndi Mchinji, idapatsidwa dzina lawo. Mu 1939 seminale yaikulu idatsegulidwa ku Kachebere, kotero kuti anyamata ofuna unsembe sadafunikenso kupita ku Tanganyika. Adamwalirira ku Likuni pa 7 Epulo 1942 ali ndi zaka 82.

Zomwe adasiya

Dera lomwe Ambuye Guillemé ankaliyang'anira lidagawidwa kangapo. Fort Jameson idapatulidwa mu 1937 ndipo lero ndi Dayosizi ya Chipata. Chigawo chakumpoto chidapatulidwa mu 1947 ndipo mudatuluka Dayosizi ya Mzuzu, kenaka ya Karonga. Dedza idaima payokha mu 1956. Gawo lotsala lidatchedwa Likuni mu 1951, lidakhala Dayosizi ya Lilongwe mu 1959, ndipo lidakwezedwa kukhala Arkidayosizi mu 2011. Boma la Kasungu lili m'madayosizi awiri: mbali yaikulu, kuphatikizapo Chiphaso, ili mu Lilongwe, pamene kumpoto, monga ku Nkhamenya, kuli mu Mzuzu.

Pa nkhani ya Nyau, chipani chawo chomwe chidasintha maganizo. Mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua, pa mishoni yomwe kale idali bwalo la mkangano, ndipo kumeneko kumasungidwa zigoba zambiri za Gule Wamkulu pamodzi ndi matanthauzo ake. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Pa nkhani ya chilungamo, zomwe m'badwo wa Ambuye Guillemé sudayankhule poyera zidayankhulidwa ndi olowa m'malo mwawo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, makamaka m'zaka za m'ma 1970, Kasungu idadzaza ndi maesiteti a fodya omwe ankadalira matenanti, mabanja olima pa ngongole ya chakudya ndi feteleza n'kumalipidwa kamodzi pachaka fodya akagulitsidwa. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti yomwe idadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mitengo yotsika ya zokolola ndi kusowa kwa ufulu woyankhula. Pambuyo pake bungwe la Centre for Social Concern, lomwe a White Fathers adalikhazikitsa ku Kanengo mu 2002, lidafufuza moyo wa matenanti ndi kulimbikitsa kuti pakhale lamulo lowateteza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito ndi kuletsa kulemba anthu mwa njira ya utenanti.

Dzina la Guilleme likupezeka lero pa parishi, sukulu ndi chipatala ku Mchinji, ndipo mishoni zomwe zidatsegulidwa mu nthawi yawo, kuyambira Mua, Likuni ndi Kachebere mpaka Nambuma ndi Chiphaso, zikugwirabe ntchito, zambiri mwa izo motsogozedwa ndi ansembe ndi asisiteri a Chimalawi.